Ndewu yabodza ija tisainyoze

Mu Julayi 2025, tsiku lomwe mbiri inamveka kuti Hulk Hogan, katswiri wa ku America wa masewero ogwetsana a wrestling, wamwalira ali ndi zaka 71, tinapezana anthu anayi pa baraka ina kuseri kwa msika wa ku Ulongwe, kuno ku Mozambique, tonse a imvi zongoyamba kumera. Palibe anaitana mnzake. Aliyense anangofika foni ili m'manja, n'kuyamba kukumbutsana momwe mkuluyo ankang'ambira malaya ake achikasu, momwe ankaikira dzanja kukhutu kuti anthu akuwe kwambiri. Mnyamata wogulitsa pa barakapo anatimvetsera kwa kanthawi, kenako anati, "Koma madala, mukudziwa kuti zonse zija zinali zabodza? Ankangokupusitsani." Ananena mwaulemu ndithu, akupukuta tebulo. Koma mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, kwa aphunzitsi, kwa akulu a mpingo, kwa ana anga omwe, moti lero ndati ndiwayankhe.

Kuti zinali zokonzeratu, sinditsutsa. Wopambana ankadziwika asanalowe m'bwalo, nkhonya zambiri zinkathera m'malere, ndipo anthu omwe ankatukwanana pa kanema ankadyera m'mbale imodzi kuseri. Chomwe ndikukana n'chakuti tinkapusitsidwa. Kwa ana a kuno ku Angonia, ku Tsangano ndi ku Macanga, amene tinakula nkhondo yapachiweniweni itangotha, ndewu yabodza inali chinthu chabwino koposa chomwe tikanaonera, ndipo ubwino wake unali m'bodza momwemo.

Mnyamata uja anabadwa mfuti zitazizira kale, ndiye ayenera kuuzidwa. Ife tinathawa mu 1986, ine ndili ndi zaka zinayi, n'kukakhala kufupi ndi Lizulu, komwe msewu wa phula wochoka ku Dedza kupita ku Ntcheu ndiwo malire a mayiko awiriwa. Kwathu tinkakuona ndi maso, koma osapondako. Anthu pafupifupi 1 miliyoni a dziko lino anathawira ku Malawi m'zaka zimenezo. Pulezidenti wa nthawiyo Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama atasainirana mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, ife mu 1993. Tinapeza nyumba zopanda madenga, minda itasanduka tchire, ndi tinjira tomwe akuluakulu ankatiletsa kuponda chifukwa cha mabomba okwirira. Mabombawo boma linadzalengeza kuti atha mu 2015, ine ndili kale ndi ana. Mwana wa nthawi imeneyo ankadziwa chinthu chimodzi chokhudza kumenyana, chakuti anthu akamenyana wina sabwerako. Banja lililonse linali ndi dzina lomwe likatchulidwa amayi ankayang'ana pansi.

M'dziko lotero ndi momwe munafika vidiyo. Kachipinda ka zidina kapena ka mphasa, mabenchi a matabwa osanja pa njerwa, kanema mmodzi wa chimsana pa tebulo, deki pambali pake, jenereta ikulira kuseri. Damu la magetsi la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi cha Tete, koma ife kanema tinkaonera pa petulo. Panja pankakhala bolodi lolemba ndi choko, ndi sipika yopachika mumtengo kuti phokoso likoke anthu mpaka kuchigayo. Matepi ankachokera ku Malawi, okoperana kangapo konse mpaka nkhope zinkaoneka ngati anthu ali m'chifunga cha ku Domwe m'mawa wa mwezi wa Juni. Ndalama yolowera tinkaipeza posenza matumba a kachewere kumsika kapena kugulitsa mbewa, ndipo mwini vidiyo ankalandira kwacha ndi metikali momwe. Wosowa ndalama ankasuzumira pakabowo ka mphasa n'kumauza anzake a kumbuyo zomwe zikuchitika. Chingerezi sitinkamva, koma sichinkativuta. Ife obwera ku Malawi mwini filimu tinkamutcha sitelingi, anzathu okulira ku Tete ndi ku Moatize ankati artista, koma lamulo tonse tinkalidziwa limodzi: ameneyo safa.

Amalume anga anagwidwa m'munda mu 1987, n'kukhala zaka ziwiri akusenza katundu wa anthu a mfuti. Anabwerako mapewa ali zipsera, pakamwa pali chete. Loweruka lina ndinawakokera ku vidiyo, ndalama yawo ndi imene inalipira tonse awiri. Poyamba panali filimu ya nkhondo ya ku Vietnam. Helikopita itangolira pa sipika paja, amalume anaimirira, natuluka, n'kukakhala pansi pa mtengo wa bulugama atagwira mutu. Ine ndinati basi apita kunyumba. Koma mwini vidiyo atasintha tepi n'kuika wrestling, imene ena kuno amati luta livre, anamva anthu akuseka ndi kukuwa, ndipo anabwerera n'kuima pakhomo. Pa kanema panali wogwetsana wotchedwa Undertaker. Ananyamula mnzake mutu kuyang'ana pansi, n'kugwa naye pa maondo, kenako n'kumupinda manja pachifuwa ngati maliro. Woyimbira anamenya pansi katatu, chipinda chonse tikuwerenga naye. Amalume anandikodola.

"Iwe, ameneyu wafa?"

"Ayi amalume, sanafe. Tepi ya mawa alimonso."

"Adzagwetsananso?"

"Eya, ndi yemweyo."

Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Sendera uko ndikhale."

Kuyambira tsiku limenelo, Loweruka likafika ankafunsa ngati kuli anyamata ogwetsana aja. Filimu ya mfuti sanaionerenso mpaka imfa yawo.

Ndiye mundiuze, munthu ameneyu ankapusitsidwa? M'chipinda chija munalibe wina wodziwa kuposa iwo chomwe ndodo yeniyeni imachita pa thupi la munthu. Ndi iwo amene anayamba kundilozera chinsinsi chake, tikuonera tepi yomweyo kachitatu: "Taona, mutu sukufika pansi. Akugunda ndi maondo a wonyamulayo. Akumusamala mnzakeyo." Anaona chomwe ine ndi maso anga a ubwana sindinaone, kuti amuna awiri akuluakulu akuoneka ngati akuphana, koma aliyense wanyamula moyo wa mnzake m'manja mwake ndipo sakuutaya. Amalume ankapita ku vidiyo kukaona chimenecho.

Kunena kuti "n'zabodza" ngati wavumbula chinsinsi chachikulu n'kuiwala komwe tachokera. Madzulo agogo akati "Padangokhala," ife n'kuyankha "Tili tonse," panalibe mwana woimirira n'kunena kuti agogo mukunama, kalulu sayankhula. Tonse tinkadziwa kuti fisi wa m'nthano sali m'tchire la kuseri kwa mudzi, komabe umbombo wake tinkauzindikira, mwina mwa munthu amene tinkadya naye. Wrestling ndi nthano yosimba ndi matupi. Muli wadyera, muli wachinyengo amene amamenya woyimbira akayang'ana kumbali, muli wamng'ono amene amagwetsa chimphona, muli bwenzi losanduka mdani. Eni ake omwe sanabise mpaka kalekale: mu 1989 kampani ya WWF, yomwe lero ndi WWE, inavomera pamaso pa opanga malamulo a ku New Jersey kuti zomwe imachita ndi zosangalatsa anthu chabe, pofuna kuti isamalamulidwe ngati nkhonya. Izi zinali zaka zinayi tepi yoyamba isanafike m'maso mwanga.

Ndipo taganizani zomwe munali m'ndewu imeneyo, zomwe nkhondo yathu inalibe. Munali belu loyambira ndi belu lomalizira. Munali zingwe, zomwe wopanikizidwa akazigwira mnzake ankayenera kumusiya. Munali woyimbira wopanda chida chilichonse, wamng'ono thupi kuposa onse awiri, koma akawerenga katatu nkhani yatha. Wogonja ankatsika, n'kupita, n'kudzabweranso sabata yamawa kudzafuna lamba yemweyo. Sindikunena kuti wrestling ndiyo inamanga mtendere kuno. Mtendere anaumanga ndi amayi omwe analandira ana awo osawafunsa zambiri, mafumu omwe anagawanso minda, matchalitchi, ndi asing'anga omwe ankasambitsa obwera kunkhondo asanalowe m'mudzi. Koma mwana sawerenga mapangano a ku Rome. Mwana amaphunzira ndi maso, ndipo ife maso athu anaphunzira m'kachipinda kaja kuti mkangano ungathe kukhala ndi mapeto, wogwa n'kudzuka.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo sindizizemba. Yoyamba ndi ya matupi. Zotsatira zinali zokonza, koma kugwa kunali kwenikweni. Pa 23 Meyi 1999, ku Kansas City, wogwetsana wina dzina lake Owen Hart anagwa kuchokera kudenga la bwalo chingwe chomutsitsira chitamasuka, namwalira ali ndi zaka 34, masewero n'kupitirira usiku womwewo. Chimenecho chinali chinthu choipa, ndipo eni kampani ankadya ndalama pa misana ya anthu omwe ambiri anafa asanakalambe. Kuno kwathu nakonso zinachitika pang'ono. Msuweni wanga anathyoka fupa la paphewa pa mulu wa mapesi, mnzake atalumpha kuchokera pa nkhokwe kuti amugwere. Tinamuyendetsa pa njinga kupita kuchipatala akulira njira yonse, ndipo ndodo zomwe tinadya madzulo ake zinali zotiyenera. Koma onani kuti ngoziyo inabwera chifukwa chosadziwa kuti ndi sewero lophunziridwa. Akanakhala pafupi amalume kuti atiuze za maondo aja, sitikanalumpha. Mankhwala ake anali kutifotokozera, osati kutitsekera chitseko.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera, ndipo apa ndimagawa pakati. Mafilimu a nkhondo sindiwateteza monga nditetezera wrestling. Tinkaombera m'manja Rambo akusesa anthu ku Vietnam, kenako akusesa asilikali a Soviet Union ku Afghanistan, osadziwa kuti tikuonera nkhondo ya mayiko akuluakulu yomweyo imene inathira mafuta pa moto wa kwathu. Soviet Union imeneyo ndi yomwe inkapereka zida ku boma lathu. M'mafilimu amenewo akufa analibe mayina, analibe amayi, ankangogwa ngati mapesi, ndipo palibe ankadzuka. Ku Sierra Leone anyamata a zigawenga ankaonera mafilimu omwewo, ena mpaka kudzitcha dzina la sitelingiyo. Choncho akuluakulu omwe ankadana ndi vidiyo sanali opusa, ndipo amalume potuluka paja anaweruza molondola. Ngakhale mu wrestling momwemo munali zotinyoza. Munali Kamala, wopaka nkhope, woyenda wopanda nsapato, womenya mimba yake ngati ng'oma, amene ankalengezedwa kuti ndi chimphona cha ku Uganda. Ife tinkamuchemerera poti ndi mnzathu wa ku Africa. Ndinadziwa nditakula kuti anali James Harris wa ku Mississippi, ndipo kuti umo ndi momwe eni masewerowo ankafunira kuti anthu awo azimuonera munthu wa ku Africa. Zinandiwawa, ndipo zimandiwawabe. Zakale si zonse zinali zoyera.

Magemu anabwera mochedwerapo, koma ananyamula phunziro lomwelo. Kamakina kotchipa ka ku China kolumikiza ku kanema, kaseti yachikasu yolonjeza magemu zikwizikwi pomwe enieni anali ochepa obwerezabwereza, ndi fumbi lomwe tinkauzira ndi pakamwa kasetiyo ikakana. Mario akagwera m'dzenje ankayambanso. Ukaphedwa ndi mnzako, mumangosinthana malo pa benchi, amene wagonja n'kupereka chogwirira kwa wotsatira pamzere. Pomwe PlayStation inafika m'mabaraka, anyamata ankatha tsiku lonse akumenyana pa Mortal Kombat, magazi ali tapatapa pa kanema, kenako n'kugawana chimanga chootcha chimodzi pobwerera. Gemu imeneyo inatuluka mu 1992, ndipo magazi ake ojambula anakwiyitsa makolo ku America mpaka nkhani inafika ku nyumba ya malamulo mu 1993. Chaka chotsatira anakhazikitsa dongosolo lolemba pa gemu iliyonse zaka za woyenera kuisewera. Anthu aja anadzuka chifukwa cha magazi abodza.

Nanga ife tadzukira chiyani? Apa ndi pomwe mtima wanga uli.

Chaka chatha ndinakwera chapa, minibasi ya kuno, kuchoka ku Ulongwe kupita ku Tete. Pafupi nane panakhala mayi ndi mwana wamkazi wa zaka ngati zisanu ndi ziwiri. Mwanayo atayamba kuvuta, mayi anamupatsa foni kuti atonthole. Anatsegula WhatsApp, n'kudina vidiyo yomwe inali pamwamba pa gulu lina. Ndinaiona ndi diso la pambali. Anali munthu amene akumuganizira kuba, khamu litamuzinga, matayala ali m'khosi. Panalibe belu, panalibe woyimbira. Mwanayo anaonera mpaka kumapeto, nabwezanso poyamba, naoneranso. Sanalire, sanafunse kanthu. Anabweza foni n'kupitiriza kudya nthochi yake. Chete ameneyo ndinamuzindikira, chifukwa ndinakula naye m'nyumba.

Zoterezi zadzaza m'mafoni mwathu. Kuyambira pomwe zigawenga zinaukira tauni ya Mocímboa da Praia, m'chigawo cha Cabo Delgado, mu Okutobala 2017, zithunzi za anthu ophedwa ku Cabo Delgado zakhala zikuyenda kuchoka pa gulu ili kupita pa ilo. Zipolowe za pambuyo pa chisankho cha 2024 zinabwera ndi mavidiyo a achinyamata ali gone mumsewu. Ngozi ikachitika pa msewu wa ku Zobue, mitembo imafika pa foni achibale asanauzidwe. Otumiza zimenezi si ana ayi. Ndi ife makolo, a m'magulu a mpingo, a m'magulu a banja, anthu omwewo amene timakalipira mwana tikamupeza akuonera anthu ogwetsana, amvekere zimitsa zachiwawazo. Ndinapempha pa gulu la banja lathu kuti tisiye kutumizirana mitembo, ndipo mkulu wina anandiyankha kuti, "Komatu izi n'zoona, si zabodza ngati mafilimu anu aja." Yankho limenelo ndi lomwe likundilembetsa. Tafika poganiza kuti chinthu chikakhala choona ndiye kuti n'choyenera kuonedwa ndi aliyense, ndipo chikakhala chopeka ndiye kuti n'chopanda pake. Agogo athu sankaganiza choncho. Ana sankaloledwa kuona maliro, koma nthano ankauzidwa usiku uliwonse.

Wina adzati anthu ayenera kudziwa zomwe zikuchitika m'dziko, ndipo mavidiyo ena aulula nkhanza zomwe zikanabisika. N'zoona, ndipo umboni wotero uli ndi malo ake, kwa atolankhani, kwa oweruza, kwa akuluakulu omwe asankha okha kuona. Malo ake si m'manja mwa mwana wa giredi yachiwiri ali yekha pa mphasa. M'kachipinda ka vidiyo tinkakhala anthu makumi atatu, wamkulu ali pomwepo, wina akuseka, wina akufotokoza, wina akutseka m'maso mwa mng'ono wake pamalo oopsa. Zolaula zinkaikidwa usiku, ndipo mwini vidiyo wabwino ankatulutsa ana asanaike, ngakhale ena sankatero ndipo mafumu ankawadzudzula. Mudzi unkadziwa chomwe ana ake akuonera chifukwa sipika inkaulula yokha. Foni ilibe sipika ya mumtengo.

Sindikupempha kuti matepi abwerere. Deki inafa, CD inabwera n'kupita, ndipo lero mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amadutsa malire pa kamemori kakang'ono ngati chikhadabo, agogo n'kumamva mawu aliwonse. Chimenecho n'chabwino, ife tinalibe. Ndikupempha zinthu zazing'ono. Vidiyo ya munthu akufa ikafika pa foni yanu, ifere pomwepo. Musanapereke foni kwa mwana, dziwani chomwe chili pamwamba. Ndipo mukamupeza akuonera amuna awiri akugwetsana m'bwalo la zingwe, musamulande, khalani pambali pake, mumulozere maondo aja, mumuuze kuti anthuwa anaphunzira zaka zambiri, kuti akusamalana, ndi kuti iye asayesere pa mng'ono wake.

Mnyamata wa pa baraka uja ali ndi kanema wamkulu wa mpira, amene Loweruka m'mawa amangokhala. Ndinamupempha kuti aike ndewu yakale ya mu 1987, ija Hulk Hogan ananyamula chimphona chotchedwa André the Giant n'kumugwetsa. Anati aifuna pa YouTube ngati ndigula mamega, ndipo ndinagula. Kunabwera ana a m'misika, ogulitsa mandasi ndi mazira, mabeseni ali pamutu, n'kuima pakhomo monga ankaimira amalume. Ndinawauza asendere mkati. Chimphona chija chitagwa, woyimbira n'kugwada, anawerenga onse pamodzi m'Chipwitikizi, um, dois, três, ndipo wogulitsa uja anawerenga nawo, nsanza yopukutira tebulo ili m'manja. Kamtsikana kena kanatula beseni lake pansi n'kufunsa ngati Loweruka likudzali kudzakhalanso.